Madontho ofiira a bambo Kuroiwa

Chizuru anapukuta makinawo Lolemba mpaka magiya onse waliwali. Amafuna a ku myuziyamu akabwera Lachinayi asaone litsiro. Lachitatu m'pamene anazindikira kuti wapalamula.

Makinawo anali a bambo ake, a Kuroiwa, makina akalekale ojambula timizere topiringizana tija timakhala pa ndalama ndi pa masatifiketi kuti mbava zisakopere. Shopu yawo ku Osaka imagwetsedwa Lachisanu. A myuziyamu anati awatenga pokhapokha atajambula duwa la timizere lomwe a Kuroiwa ankadziwika nalo, iwo akuona. Akakanika, basi, apita kwa a Tokuda ogula zitsulo zakutha.

Ndiye pantchito iyi kachunidwe ka magiya salemba papepala, kuopa okopera. Bambo ake ankangoika kadontho kofiira pa dzino limodzi la giya iliyonse. Chizuru ankayesa ndi dzimbiri. Anapala tonse.

Anayesa kakhumi. Singano imangojambula zinthu ngati manudo, zakudya zonga zingwe zija, otayikira pansi.

A Tokuda anasuzumira pakhomo, ndudu kukamwa. "Mwana wa a Kuroiwa, ndibwere ndi lole yaikulu kapena yaing'ono?"

"A Tokuda chonde, lero lokha ndisiyeni."

"Ine sindikuthamanga. Ndidzangoima panjapo mawa."

Chizuru anakatenga bambo ake pa wilutcheya. Chichitireni sitiroko sayankhula, dzanja lamanja linauma. Anawagwadira.

"Adadi, ndapala madontho anu. Onse. Sori, sindimadziwa. Giya iti, dzino liti?"

Mkuluyo anayang'ana magiyawo nthawi yaitali, kenako anatsinzina. Chizuru anayesa akulira, koma dzanja lamanzere linaloza chopukusira.

Chizuru anapukusa. Khe, khe, khe. Bambo anapukusa mutu. Mwanayo anasuntha giyayo dzino limodzi. Ayi. Lina. Ayi. Patatha maola awiri, dzanja lija linamenya bondo. Kani amamvetsera kulira kwake! Chizuru anatulutsa kyutekisi wofiira wopaka m'zikhadabo m'chikwama n'kudontheza pa dzinolo.

Magiya analipo sikisi. Pomwe a myuziyamu amafika Lachinayi, madontho anali faifi, ndipo bambo atatopa, akuwodzera, osadzutsika.

"Tiyambe, mayi?" anafunsa mkulu wa myuziyamu, maso pa wotchi.

Chizuru anagwira giya yotsalayo n'kutsinzina ngati bambo ake. Anapukusa, kusuntha, kupukusa. Pa dzino la naini, kugwedera kuja kunaleka, makina akungoti siii. Anatsitsa singano osatsegula maso.

Chimene anamva kenako ndi lole ya a Tokuda ikunyamuka panja, yopanda kanthu.