Dothi la Pansi pa Msuku

"Ndidzapita nalo ndekha, ababa."

Ndinatero mu 1999, titagwada pansi pa msuku wa kuseri kwa nyumba yathu ku Chirimba. Bambo anali atafukula muzu n'kundionetsa timaulusi toyera tokulunga nsonga zake. Ankati ndi ana a bowa, ndipo popanda iwo mbande ya msuku imangofota. Ankafuna dothi limenelo likafike kwawo ku Moatize, kufupi ndi Tete, kumene migodi ya malasha inasandutsa minda ya makolo kukhala milu yakuda.

Ndinapita ku Poland kukaphunzira. Kumeneko timaulusi tija ndinatipeza tili ndi dzina lachigiriki, ndipo tinandidyetsa zaka makumi awiri ndi zinayi, ndikumeretsa mitengo pa milu ya malasha ya eni ake. Maliro a bambo ndinawaonera pa foni.

Nditabwera, sindinkatha kukhala pansi. Mapiri ndinawapeza ali mpala, kondakitala wa minibasi n'kumanditchula "madala". Nditatsika ku Chirimba ndinathamangira kuseri kwa nyumba ndisanalonjeredwe n'komwe. Panali simenti ndi zipinda zitatu za lendi.

"Msuku uli kuti?"

Sungeni, mlongo wanga, anapukuta manja pachitenje. "Moni kaye, achimwene. Kapena ku Ulayako anakulandani?"

"Msuku."

"Unagwa ndi namondwe wa Freddy. Mumati udikire inu?" Analowa m'nyumba n'kutuluka ndi chidebe cha penti chomangidwa ndi mphira. "Koma dothi lanulo ndinasunga. Ababa anandilumbiritsa."

Ndinamasula mphira uja. Pangotha chaka chimodzi chokha chigwereni msuku, ndinadziuza, mwina china chake chikadali moyo. Ndinatapa. Linali lofiira, louma, losalala ngati ufa. Linkanunkha utsi.

"Munalitani?"

"Linadzaza chiswe ndi tinkhungu toyera. Ndinasefa timizu tonse, n'kulikazinga pachiwaya ngati mtedza. Tsiku lathunthu, achimwene! Nkhuni zake musafunse."

Ankamwetulira, kudikira kuti ndimuthokoze. Ndiye anasambitsa bambo miyezi isanu ndi itatu ine ndikulemba mabuku. Ndinatulutsa kagalasi kanga kokulitsira tinthu, ndinayang'ana nthawi yaitali kuposa mmene panafunikira. Munalibe kaulusi ngakhale kamodzi.

"Lili bwino?"

"Lili bwino, achemwali."

Tikiti ya basi ya ku Tete inali m'thumba la jekete. Idakali momwemo. Ku Moatize sindinapite, ndipo chidebe chija Sungeni amatsamiritsira chitseko cha kukhitchini mphepo ikamawomba.