Sikani ya Chipilala

Exildah ankapaka mafuta oterera pachipilala chapakati pamene ba Wilbroad, eni nyumba, anasuzumira paphewa pake.

"Iwe injiniya, ukuchita ngati anamwino a sikani. Chipilala changa chili ndi pakati?"

"Tiona, ba tate," anaseka Exildah.

Nyumba yosanja ya ku Chelstone inali yatsopano, ndipo Loweruka azimayi ankayenera kuvina pamwamba pake pa kicheni pate, phwando lokonzekera ukwati wa Pearl, mwana wa m'nyumbamo. Koma chipilalacho chinali chitatulutsa kamng'alu, ndiye Pearl anaitana mnzakeyu kuti achiyeze.

Exildah anagunditsa tizitsulo tiwiri, kena uku kena uko. "Aka kamatumiza kamawu kosamveka m'khutu, aka kamalandira. Konkire ikakhala yolimba, kamawuko kamadutsa msanga. Mukakhala mphako kamachedwa, kamazungulira ngati minibasi yothawa apolisi."

"Osagumula?"

"Osagumula."

Ba Wilbroad anavomereza ndi mutu, maso ali pakamakina. Pansi panali bwino. Pamwamba panalinso bwino. Koma atafika cha m'chiuno mwa chipilala, Exildah anayeza, nabwerezanso, nkhope n'kusintha.

"Apa pali mphako. Yaikulu ndithu."

"Abson!" anakuwa ba Wilbroad. "Mmisiri uja ndinam'kayikira. Chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere!"

Akazi awo, ba Helen, amene ankabwera ndi tiyi, anatsitsa thireyi pang'onopang'ono.

"Musam'namizire Abson. Si mphako imeneyo. Ndi chigubu."

"Chigubu cha chiyani?"

"Cha madzi odalitsidwa. Ife a gulu la mapemphero tinachiika tsiku lothira konkire. Chipilala chapakati ndicho chimasenza nyumba, ndiye dalitso likhale kuti? Abson anakana, koma titayamba kumupempherera anakankha yekha zitsulo kuti chilowe."

Ba Wilbroad anachizungulira chipilalacho, nachigogoda ngati vwende la pa City Market.

"Ndiye ba Helen, nyumba yanga yaima pa pulasitiki?"

"Yaima pa chikhulupiriro."

"Ba mayo, madziwo sindikuwatsutsa," anatero Exildah. "Koma ng'oma ikalira, azimayi onse n'kuyamba kudumpha pamwambapa, ine sindilonjeza kanthu. Tichirikize kaye ndi zitsulo, kenako tikonze."

"Apongozi a ku Kabulonga ndiwakhazike pafumbi? Kutchalitchi konse ndinalengeza kuti phwando lili pamwamba!" anadandaula ba Helen.

"Kuli bwino atsike okha pa masitepe kusiyana n'kutsika ndi denga," anatero ba Wilbroad.

Anapita kukakiya chitseko cha kumasitepe, kiyi n'kuponya m'thumba, nauza Pearl kuti afunefune tenti. Pobwerera anaima pafupi ndi akazi awo, natsitsa mawu.

"Nanga zipilala zinazi, zinadalitsidwanso?"

Ba Helen anayamba kuthira tiyi, maso ali m'kapu. Exildah ananyamula makina ake n'kupita pachipilala chachiwiri.