Tiwi ndi Nambala 91

Tsiku lomwe kusukulu kunabwera woyendera masukulu, Bu Wuryani anavala chovala chawo chatsopano cha nsalu ya batiki. Anali mphunzitsi wa kalasi yachisanu pa pulaimale ina kunja kwa tauni ya Klaten, komwe amayi olemekezeka amatchulidwa kuti "Bu", ndipo anasankha phunziro lomwe ankalidalira: manambala osagawika.

"Nambala yosagawika ndi iti?" anafunsa.

"Yomwe imagawika ndi 1 ndi iyo yokha basi, Bu!" ana anayankha pamodzi.

Analemba manambala pabolodi n'kumazunguliza ndi choko osagawikawo: 13, 29, 47, 91. Mlendo uja anali atakhala kumbuyo, maso ali pafoni.

Kamtsikana kena ka pabenchi yakutsogolo, dzina lake Tiwi, kanakweza mkono.

"Bu, 91 imagawika ndi 7."

Bu Wuryani anamva kutentha kumaso. Sanayang'ane n'komwe pabolodi, anayang'ana mlendo.

"Ndiye bwera udzatenge chokochi, uphunzitse ndiwe. Ana inu, perekani moni kwa Bu Tiwi."

Kalasi yonse inafa ndi phwete. Tiwi anatsitsa mkono pang'onopang'ono n'kuubisa pansi pa desiki. Mlendo anadzutsa mutu, anamwetulira osadziwa chomwe chikusekedwa, ndipo pochoka anayamikira kuti ana akumvera bwino.

Masana, akudya soto, msuzi wa nkhuku, pakalesitilanti ka kuseri kwa sukulu, nambala ija inawabwerera m'mutu. Anayamba kuwerenga chamumtima: 7, 14, 21, mpaka 70, 77, 84. Supuni inaima m'mwamba. 7 kuchulukitsa ndi 13. Msuzi wotsalawo anausiya.

Anati akonza cholakwacho mawa lake. Mawa lake kunali msonkhano wa aphunzitsi. Tsiku linalo analowa m'kalasi mawu ali okonzeka, koma ataona nkhope za ana zikuwadikira, anangoti atsegule mabuku a phunziro lina. Panja, nthawi yopuma, ankamva anyamata akukuwa kuti, "Bu Tiwi, tipatseni homuweki!" Iwo ankatseka windo.

Kenaka anapereka mayeso omwe anachokera kuofesi ya maphunziro. Funso lina linali loti ana asankhe manambala osagawika, ndipo 91 inalipo. Pochonga anapeza kuti kalasi yonse yaisankha. Atafika papepala la Tiwi anaona kuti mwanayo anali atalemba pambali 7 × 13, kenaka n'kufufuta mpaka pepala kutsala pang'ono kubooka. Nayenso anaizunguliza 91.

M'mawa mwake analemba 7 × 13 pabolodi.

"Ndani andiuze yankho?"

Mnyamata wina anawerengera ndi zala n'kunena kuti 91.

"Ndinalakwitsa ndine," anatero Bu Wuryani. "Tiwi ananena zoona, ine ndinamuseketsa kwa anzake. Tiwi, pepa mwanawe."

Tiwi anaweramitsa mutu. "Palibe kanthu, Bu."

"Nanga unafufutiranji yankho lako?"

"Ndimaganiza kuti mwina pali lamulo lina lomwe sitinaphunzire."

Mawu amenewo anawatsata mpaka kunyumba. Loweruka anakwera njinga yamoto n'kupita kwa makolo a mwanayo, kutsidya kwa minda ya mpunga. Amayi ake a Tiwi anawalandira pakhonde, anawathira tiyi, n'kumvetsera nkhani yonse akupukusa mutu.

"Ayi, Bu, musatichititse manyazi. Mphunzitsi angapepese kwa kamwana? Ameneyu pakamwa mpoyabwa, ngakhale bambo ake amawatsutsa. Tsiku lomwelo anabwera akulira, ine ndinamuwonjezera zanga."

"Koma sanalakwe, mayi."

"Kaya analakwa kaya sanalakwe, wamkulu satsutsidwa pamaso pa alendo. Munatithandiza. Masiku ano wafatsa, ngakhale oyandikana nawo akudabwa."

Katani ya pachitseko inagwedezeka, ndipo pansi pake panaoneka timapazi tiwiri. Bu Wuryani anakweza mawu pang'ono kuti amveke mkati.

"Ine ndikufuna mwana wofunsa, osati wofatsa. Lolemba ndiyamba ndi iyeyo."

Mayi aja anaseka ngati amva nthabwala. Anatuma mwamuna wawo kuti athyole zipatso za marambutani mumtengo wa pabwalo, n'kuwadzazira jumbo. Bu Wuryani anakana kawiri, kachitatu analandira. Tiwi sanatuluke kudzatsanzika.

Bu Wuryani anakoleka jumboyo pachiwongolero n'kubwerera pang'onopang'ono m'kanjira ka pakati pa minda, akuganiza za funso loti adzamufunse Lolemba, loti mwanayo asathe kukhala chete.