Bwato m'Dziwe la Madamu

Kanta itangolowa, Winifred anakankha geti msangamsanga, maso ali uku ndi uku ngati wakuba nkhuku. Kumbuyo kwa galimotoyo kunali bwato la mwamuna wake Abson, penti wake wobiriwira akunyezimira padzuwa.

"Fulumilani, atate a Yande," anatero. "Ba madamu bakabwela ku chechi bakapeza ivi, nchito yanga yasila."

"Osayopa, amake Yande. Ba pasita bao bakagwila maikolofoni sibaisiya mpaka njala ibakumbuse," anayankha Abson akumasula zingwe.

Bwatolo linali la malemu bambo ake, omwe ankasodza mumtsinje wa Kafue. Ntchito ya ulonda itamuthera, Abson anakalitola pomwe linkawolera n'kudzaliika pabwalo la nyumba yawo ya lendi ku Kabwata. Analikonza ndi zotolatola: matabwa a mabokosi a kumsika, misomali yowongola ndi mwala, phula wopempha kwa okonza msewu, ndi penti wotsala atapaka tchalitchi. Anansi anamupatsa dzina loti Kapiteni wa Pafumbi, iye n'kumangoseka nawo. Mtima wake unali ku Kafue, kukadzilemba yekha ntchito.

Vuto linali loti Lusaka ilibe mtsinje woyesapo bwato, ndipo Nkandu, mwini kanta ija, anali atanena kuti ku Kafue adzapitako ulendo umodzi wokha. Apa m'pomwe Abson anakumbukira kuti ku Kabulonga, komwe mkazi wake ankagwira ntchito ya m'nyumba kwa Mayi Judith, kuli dziwe losambiramo. Winifred anakana kwamtuwagalu, popeza banja lonse linkadya ntchito imeneyo. Koma mwamuna uja atayamba kukhala duu pafupi ndi bwato lake, osadya n'komwe, chisoni chinamugonjetsa. Lamulungu limenelo anali akudzitukwana kale mumtima.

Analitsetseretsa pa matabwa awiri kuchokera pagalimoto mpaka linagwera m'madzi, phava! Linayandama. Abson analumphiramo, nkhope yonse ili mano okhaokha.

"Mwaona? Kapiteni wa pafumbi uyu!"

"Taona, manje chosani," anatero Winifred.

"Yembekeza. Boti siyenda yeka, inyamula nsomba na makoka. Ba Nkandu, nipaseni mabuloko."

Nkandu, munthu wamimba yake ndi nthabwala zosatha, anayamba kupatsira njerwa za simenti zomwe anabwera nazo. "Iyi ni bulimu, iyi ni mlamba," ankatero pa njerwa iliyonse, akuitcha dzina la nsomba. Winifred sanaseke. Ankayang'ana mzere wa madzi ukukwera m'mbali mwa bwato, makutu ali kumsewu.

Kenaka china chake chinalira pansi pa mapazi a Abson, phwe! Thabwa limodzi latsopano linasiyana ndi lakale, madzi n'kuyamba kutumphuka ngati mpopi wophulika. Abson anapondapo phazi, anavula malaya n'kutsekapo, koma sizinathandize. Bwato linapendekeka, linamwa madzi, ndipo linatsika pang'onopang'ono mpaka pansi, mwini wake n'kutsala akusambira. Pamwamba pa madzi oyera a Mayi Judith panayandama timadontho takuda ta phula.

Winifred anathamangira pamphepete pa dziwe. "Mayo ine! Mwanipaya, atate a Yande!"

Abson anamira kangapo, akutulutsa njerwa imodziimodzi. Bwato litapepuka linadzuka, koma lodzaza madzi mpaka m'milomo. Analikokera kosazama n'kuyamba kukapa ndi ndowa, koma omwe ankatayawo ankabwereranso pamng'alu. Anamanga chingwe, atatu onse n'kukoka mpaka manja kutupa. Mphuno ya bwato inakwera pang'ono, inakhula m'mphepete mwa dziwe, thayilo imodzi n'kulira ngati ikufuna kusweka.

"Lekani! Muzapwanya matailosi!" anakuwa Winifred.

"Tifunika bamuna bena," anatero Nkandu akupukuta thukuta. "Niitane ba gadi ba pa neba?"

"Kuti mailo Kabulonga yonse izibe?" anayankha Winifred.

Nthawi yomweyo foni inalira m'thumba la epuloni yake. Anali Mayi Judith.

"Winnie, tachoka mu chechi. Tipitile chabe ku Woodlands kutenga keke, tibwela na balendo. Ika mpunga pamoto, bana bafuna kusambila."

"Yes, madamu," anayankha, mawu ali bwinobwino ngati palibe kanthu. Anadula foni. Woodlands ndi pakhomo pomwepo.

Anathamangira kugalaja, n'kubwerako ndi chitsulo chozulira misomali. Anaima pamphepete pa dziwe n'kuchiloza kwa mwamuna wake.

"Pwanyani."

Abson anamuyang'ana, madzi ali m'chiuno. "Amake Yande, ni boti ya batate iyi."

"Niziba."

"Nipase chabe mpata, nizaichosa yamoyo. Ni thabwa imozi chabe yalakwa. Imozi!"

Winifred ankadziwa kuti akunena zoona, ndipo n'chimene chinkamuwawa kwambiri. Anali ataona mwamunayo akudzicheka zala, akuwongola misomali mpaka dzuwa kulowa, anthu akumuseka. Koma m'maganizo anaonanso mwana wawo Yande akubwezedwa kusukulu, ndi katundu wawo ali panja pa nyumba ya lendi.

"Fodya wako ndi uyo ali pamphuno, wapachala ngwamphepo," anatero, misozi ili m'masaya. "Nsomba za ku Kafue sitinazione. Nchito iyi ndiye tidya. Pwanyani, napapata."

Nkandu anayang'ana kumbali. Abson analandira chitsulo chija. Anasisita mphuno ya bwato kamodzi, kenaka analowetsa chitsulo pamng'alu n'kukanula.

Kumanga n'kovuta, koma kuphwasula sikuchedwa. Matabwa ankatuluka limodzilimodzi, Nkandu akuponya m'kanta. Akale aja, a bambo ake, ndiwo ankakana, ndipo Abson ankachita kuwapondereza ndi bondo. Atatha anamiranso kutola misomali pansi kuti ana a eni ake asadzabayidwe. Winifred ankathamanga pakati pa khitchini ndi dziwe, uku mpunga, uku kaukonde kowolera zinyalala, akuchotsa phula ndi tizipalapala ta penti. Anathira mankhwala a m'madzi mosayeza n'komwe.

Nkandu anali atangoliza injini pomwe hutala inamveka pageti. Kothawira kunalibe. Winifred anapukuta nkhope ndi epuloni n'kukatsegula.

Mayi Judith anatsika atanyamula keke, alendo ali pambuyo. Anayang'ana kanta, anayang'ana Abson yemwe buluku lake linali likudontha, nsidze n'kukwera.

"Winnie, ni chani ichi mu yadi yanga?"

Winifred anayankha msangamsanga. Bodza linatuluka lokha, asanaliganize.

"Ni bamuna banga, madamu. Bamibweletselani nkhuni, pakuti malaiti yavuta masiku yano. Benze kuzisuka pa pompi, zenze na doti."

"Nkhuni za penti?" Mayi Judith anasuzumira m'galimoto, kenaka anaseka. "Awe, Winnie, imwe bantu! Koma zikomo, ba Abson, mwaganiza bwino. Zikauma tizaochela vinyalala na kutenthesa manzi ya bagalu. Ikani kumbuyo kwa galaja."

Ana anali atavula kale nsapato, akuthamangira kudziwe. Ntchito inali itapulumuka, ndipo Winifred anamva manyazi kuti mtima wake wapepuka.

Abson anayang'ana mkazi wake. Akanatha kunena kuti matabwa ena ndi ake, abwerera nawo ku Kabwata, koma bodzalo likanang'ambika pomwepo. Anakwera m'kanta, anasenza thabwa loyamba paphewa n'kulowera nalo kuseri kwa galaja. Winifred anatambasula manja kuti amulandire lachiwiri.

"Siya, amake Yande," anatero mwakachetechete. "Yenda ukapakule. Balendo bayembekeza."