Duveti Yonyowa ku Govanhill

Chiyamiko anakonza zonse mlongo wake Tisunge asanakwere n'komwe ndege. Anamusiyira chipinda chake, anakolopa mpaka kunsi kwa bedi, ndipo anapita ku Gorbals, dera loyandikana ndi kwawo ku Govanhill, kwa Anti Flossie a kutchalitchi kukabwereka duveti yaikulu, chofunda chokhuthala cha kumaiko ozizira kuno. Pakansalu ka m'mphepete mwake panalembedwa kuti togi 13.5, muyeso wa kufunda kwake. Anti anati nambala imeneyo ndi ya chisanu chenicheni, choti munthu wochokera kumudzi sangalire nacho. Koma duvetiyo inali itakhalitsa m'kabati, ndipo inkanunkha chuku.

Kwawo ku Ntcheu, Okutobala akangolowa mayi awo ankatulutsa mabulangete onse, kuwaviika m'beseni, ana n'kumapondaponda. Pofika masana amakhala atauma gwa pachingwe. Ndiye Chiyamiko sanaganize kawiri. Kalendala inati Okutobala, iye anadzaza bafa, kupinda buluku, kulowamo. Pawindo sanayang'ane.

Flywell, mnzake wokhala naye nyumba, anasuzumira pakhomo atanyamula mswachi.

"Aise, ukuponda dothi la njerwa?"

"Ndikuchapa."

"Ukayanika kuti?"

"Kuseri, pachingwe."

"Dzuwa wabwera nalo m'chikwama?"

Panja mvula inali kuwaza, ija yosamveka padenga koma yofika mpaka m'mafupa. Duveti itamwa madzi inalemera ngati ng'ombe yakufa. Anaikoka awiriwiri, kuikoleka pachitseko cha kubafa, n'kutchera mapoto pansi. Inadontha tsiku limenelo, inadonthanso mawa lake. Hita anaiyatsa mpaka mawindo anachita thukuta, koma mkati mwa duveti munali mukadali dambo.

Flywell ankaseka, koma Chiyamiko sizinkamuseketsa kwenikweni. Mayi awo anamwalira chaka chatha iye ali kuno. Sanapite kumaliro. Anali atangosiya koleji, ndipo manyazi ndi mapepala okhalira m'dziko lino zinamumanga miyendo. Tisunge anasenza zonse yekha. Kuyambira pamenepo mauthenga ake pafoni anali a mawu awiri atatu basi. Tsopano anali kubwera kudzaphunzira, ndipo Chiyamiko, amene pakamwa pake kupepesa kunkakanika, anafuna kuti tulo toyamba ta mlongo wake m'dziko lino tikhale tofunda. Chimenecho chokha ndi chimene akanatha kupereka. Ndipo chinali kudonthera m'poto wa nyemba.

M'mawa wa Loweruka anayala pabedi duveti yake yopyapyala, imene Flywell anam'bwereka m'chilimwe. Flywell anatembenuza kansalu kake.

"Iyi ndi 4.5. Ya Julayi iyi. Ukufuna mlongo wako abwerere ndi ndege yomweyo?"

"Julayi ndiye wozizira."

"Kwanu. Kuno miyezi inavala malaya chotembenuza. Nambala ikachepa, kutentha kwachepa. Panopa pafunika 9 kapena 10.5, ndipo munthu wochokera ku dzuwa la Okutobala ndiye m'patse ya Disembala."

"Ndimuunjikira majekete."

"Ndi mlendo kapena mpando?"

Tisunge anafika masana, atavala majuzi awiri, milomo itauma. Anapereka moni waulemu ngati wa kwa munthu wapabasi. Atalowa anaima pakhonde la mkati, kuyang'ana chinthu choyera chija pachitseko, mapoto pansi, nthunzi pamawindo.

"Ichi n'chiyani?"

"Chofunda chako," anatero Flywell. "Achimwene akowa anachapa m'bafa. Ndi mapazi."

Tisunge anayang'ana mchimwene wake, kenako panja pomwe mvula inali kuwazabe.

"Mwezi uno?"

Chiyamiko anavomera ndi mutu, maso ali pansi.

Phwete linamupulumuka Tisunge. Anayesa kuligwira ndi dzanja koma linatuluka lonse, mpaka anatsamira khoma, misozi ili mbwe. Kaya inali ya kuseka kokha, palibe anafunsa.

"Inenso ndinachapa Lachiwiri," anatero akupukuta m'maso. "Mabulangete onse, ndi lofiira lija la amayi. Ndinalibe wofinya naye." Anagwira duvetiyo n'kuitsina. "Ndipo inu simunafinye. Madzi ali tho. Gwirani uko."

Tisunge anavula juzi imodzi. Duveti ija anaitsitsira m'bafa, iye mbali iyi, Chiyamiko mbali inayo, n'kuyamba kupotokola, wina kumanja wina kumanzere. Madzi anakhuthuka ngati atsegula mpopi.

"Limbani mkono, achimwene. Chakudya cha kuno sichikukugwirani?"

"Ndikupotokola."

"Mukusisita."

Flywell anawasiya akukangana. Anabwera atakumbatira duveti ya pabedi pake n'kuiponya pamwamba pa yopyapyala ija.

"Aise, mabatani ali m'mphepetemo unkayesa n'chokongoletsa?"

"Ndinkayesa anasoka molakwitsa."

"Izi ndinagula limodzi, ndi mtundu umodzi. Yanga ndi 9, yako 4.5. Ukazimanga pamodzi zikwana 13.5, chimodzimodzi nyama yanu yonyowayo. Kukatentha umamasula."

Anakhala atatu pabedi kumanga mabatani. Tisunge anamanga ake molumphitsa, anamasula, nayambiranso, uku akufotokoza za mbuzi ya a Ezekiel oyandikana nawo, imene inadya maluwa a pamanda tsiku lomwelo la maliro a amayi, abusa asanamalize n'komwe pemphero. Chiyamiko anali asanamvepo nkhani imeneyo. Anaseka, kenako anafunsa kuti ndani anaimbitsa nyimbo, ndipo Tisunge anamuuza, mmodzimmodzi, amene anabwera ndi amene sanabwere.

Kunja kusanade, tulo ta ulendo tinam'gwira Tisunge. Analowa m'zofunda ndi masokosi, kunangotsala nsonga za tsitsi. Chiyamiko anaima pakhomo kwa kanthawi kumvetsera. Tisunge sankanjenjemera. Ankaliza mkonono pang'onopang'ono.

Pabalaza anapeza Flywell atavala kale chikhoti ndi chisoti, akuyeza sofa ndi maso.

"Tsopano ife tatsala ndi togi zingati?" anafunsa Chiyamiko.

"Nsalu ya patebulo ndi makatani. Iwe tenga makatani onyowawo, nyumba wainyowetsa ndiwe."