Alamu ya pa Bedi la Pakona

Kodi chinali chala cha yani chimene chinazimitsa alamu ya pa bedi la pakona Lachiwiri lija masana?

M'chipinda cha odwala mwakayakaya munali mabedi asanu ndi limodzi, ndipo kumutu kwa bedi lililonse kunali makina oonetsa kugunda kwa mtima ndi kuchuluka kwa mpweya m'magazi. Zinthu zikayamba kuipa, makinawo amalira. Ukadina batani lake kamodzi, amakhala chete mphindi ziwiri. Ukadina kawiri, amakhala chete mpaka wina atawayatsanso. Tsiku limenelo wina anadina kawiri.

Pa bedilo panagona kalipentala wina amene chibayo chinamugwira mapapo onse awiri. Kapaipi ka mpweya kanavuka, makina ali duu. Amene anaona ndi mkazi wake, atalowa pa nthawi yoona odwala.

"Anesi, bwanji milomo ya abambo akunyumba yada chonchi?"

Anthu anathamanga. Kalipentala anapulumuka, koma manda anawasuzumira.

Mawa lake a Matironi anapereka fomu ya lipoti kwa Asisitala, amene anali atayang'anira chipindacho zaka khumi ndi zisanu ndi zinayi.

"Pofika Lachisanu ibwere. Mzere wa dzinawu usabwere wopanda kanthu."

Dzinalo Asisitala anali nalo kale mumtima. Bedi la pakona tsiku lija linali m'manja mwa namwino amene anangobwera miyezi iwiri yapitayo kuchokera ku wodi ya amayi, ndipo anzake ankangomutcha Mlendo. Anali mayi wamkulu ndithu, wa ana atatu, amene anapempha zaka zinayi kuti amusamutsire kuno. Dzina lake likalowa pa fomuyo, abwerera kumene anachokera ndi kalata ya chenjezo.

Komabe Asisitala sanali munthu woweruza asanafunse. Anayamba kuitana anamwino mmodzimmodzi mu ofesi yawo, kachipinda kopanda zenera ka mipando iwiri. Woyamba anali namwino wamwamuna amene ankamutcha Abusa chifukwa pakamwa pake sipankauma.

"Abusa, lero ulaliki wathera kuti?"

"Ine ndinali ku bedi loyamba, Asisitala. Pakona paja ndinalozetsako nkhongo."

"Nkhongo ilibe maso, koma makutu muli nawo."

"Makutu athu anafa kale. Alamu ija inalira m'mawa wonse pachabe. Bambo aja zala zimawazizira, ndiye kachipangizo ka pachala sikawerenga bwino."

"Ndafunsa amene anadina."

Abusa anayang'ana nsapato zake ngati azigula tsiku lomwelo.

Mlendo analowa pomalizira, nakhala kunsonga kwa mpando.

"Ndinali ku famase kukatenga mankhwala, Asisitala. Munandituma ndinu."

"Wodwala munamusiyira ndani?"

"Ndinanena kuti ndatuluka."

"Munauza ndani?"

"Ndinangonena mokweza, m'chipindamo."

"Chipinda chili ndi makutu? Musanatuluke, munadina batani lija?"

Mlendo anaweramitsa mutu. Maso ake anatsikira pa manja a Asisitala amene anali patebulo.

"Lembani zimene mwaona kuti n'zoyenera," anatero motsitsa mawu.

Nthawi ya tiyi, Asisitala anamva phwete la kuseka kuchokera m'chipinda chopumira. Atangokankha chitseko, kuseka kunaduka ngati wina wathimitsa wailesi. Mmodzi anakumbukira kuti ali ndi jakisoni woti akabaye, wina anayamba kutsuka kapu yoyera kale. Asisitala anathira tiyi wawo n'kubwerera naye ku ofesi, monga ankachitira masiku onse. Ankadziuza kuti umenewo ndi ulemu. M'chipinda chawo cha odwala munalibe tchati chosalembedwa, munalibe bedi lokwinyika, ndipo munalibe munthu wowabweza mawu.

Kunyumba anafika dzuwa lisanalowe. Mpando wa malemu amuna awo unali pomwe unkakhala, moyang'ana pazenera. Mwana wawo wamkazi, amene ankagwira ntchito kutali, ankaimba foni Lamlungu lokha, ndipo ili linali Lachinayi. Akuvula wotchi, anapeza m'thumba la yunifolomu mbulu wa mankhwala a kuthamanga kwa magazi umene ankayenera kumwa masana. Anayang'ana foni. Inkaonetsa kuti inalira kuwakumbutsa, ndipo wina anaizimitsa. Sanakumbukire kuti anaimva. Anameza mbuluwo ndi madzi, nakhala patebulo, n'kulemba dzina la Mlendo pa fomu ndi pensulo.

Lachisanu m'mawa anaitana onse kuti aime pafupi ndi bedi la pakona. Kalipentala anali atatsamira pilo, akupuma bwino. Chapatali, mayi wokolopa, amene anayamba ntchito chaka chimodzi ndi Asisitala, ankafinya mopu mu ndowa.

"Ndisanapite kwa a Matironi, mundimvetsere," anayamba Asisitala. "Alamu ndi pakamwa pa wodwala. Munthu amene ali ndi paipi kukhosi sangakuitaneni. Makina awa ndiwo amamulirira. Tsono munthu wophunzira bwinobwino, wovala yunifolomu..."

Makina a pa bedi loyandikana anayamba kulira.

"...kufika pomutseka pakamwa wodwala, osayang'ana n'komwe, ndiye kuti ntchito ino sakuidziwa. Ine zaka zonsezi..."

Anaima. Panalibe amene ankawayang'ana kumaso. Abusa, Mlendo, onse maso anali kumanja kwawo. M'chipindamo munali zii. Asisitala anatsatira maso aja, ndipo anapeza mkono wawo utatambasuka, chala cha mkombaphala chili pa batani.

"Mwadina kawiri, achemwali," anatero mayi wokolopa, osasiya kufinya mopu.

Asisitala anayatsa alamu ija msangamsanga. Anayang'ana wodwalayo: kachipangizo kanali katangosuntha pachala. Anakakonza, manambala anakwera, makina anatonthola okha. Anaimabe pomwepo, atafulatira anthu.

"Ndimatero kawirikawiri?"

Asisitala anacheuka, nayang'ana Abusa.

"Abusa, ndakufunsani."

"Tsiku lililonse, Asisitala. Mukamadutsa. Ife timangobwera pambuyo panu n'kuyatsa."

"Nanga Lachiwiri?"

"Lachiwiri aliyense anayesa kuti mnzake wayatsa."

"Zaka zingati?"

"Ine ndinazipeza."

Anatembenukira kwa Mlendo. "Inu, ndimafuna kukulembani. Mumadziwa. Bwanji simunanene?"

"Ndikanayambira pati, Asisitala?"

"Amakuopani ana awa," anatero mayi wokolopa, akunyamula ndowa yake. "Ngakhale ine ndalankhula chifukwa ndikupuma ntchito mwezi wamawa."

Wina anafuna kuseka, koma anakumeza.

Asisitala analowa mu ofesi. Kwa nthawi yoyamba chitseko anachisiya chotsegula, ngakhale panalibe amene anawatsatira. Kunja ankamva mawilo a tebulo la mankhwala, mawu a Abusa akuuza Mlendo kuti, "Ndatuluka, bedi loyamba lili ndi inu," ndi Mlendo akuyankha kuti, "Ndamva, lili ndi ine." Anatenga labala n'kufufuta pensulo ija mpaka pepala linatsala pang'ono kubooka. Kenako anatenga cholembera cha inki. Pa mzere wa dzina uja analemba dzina lawo, ndipo malembo anatuluka oongoka monga mwa masiku onse.

Lachiwiri lija masana, akudutsa pakona ndi foni kukhutu, akukangana ndi adokotala za bedi la wodwala watsopano, amene anadina batani kawiri anali Asisitala eni ake.