Chambo cha Bambo Dawood

Rizwana ananena mosapsatira kuti sangapitirize kulipira anthu awiri osamalira bambo ake. Mmodzi atsale, wina alongedze. Phyllis, mmodzi wa awiriwo, mtima unamuthawa, chifukwa ntchitoyi, ya ku Oadby pafupi ndi mzinda wa Leicester ku England, inali ndi chipinda chomwe, ndipo kwina kogona mu Leicester monse analibe. Mnzake pantchitopo anali Marivic, mayi wa ku Philippines, wofatsa mochita kunyansa.

Chinavuta n'chakuti bambo akewo, a Dawood, anasiya kudya. Ukalamba unali utawasokoneza mutu. Chingerezi chinkawathawa, ngakhale imfa ya akazi awo, a Madiha, anaiiwala, koma Chichewa cha ku Limbe, kumene anabadwira n'kugulitsa nsalu, chinatsalamo. Palibe ananena poyera, koma aliyense anadziwa kuti wowadyetsa mkuluyo ndiye atsale.

Marivic anabwera ndi nsomba zamitundu iwiri kuchokera m'shopu ya anthu akwawo, zonse zoweta m'madamu. Yaitaliyo ankaitcha bangusi, inayo tilapiya. Anafotokoza kuti kwawo tilapiya ndi ya tsiku lililonse, ungokazinga basi, komanso nthawi zina imamveka matope. Bangusi ndiye umaphikira munthu amene umamukonda, poti ali ndi minga yosawerengeka ndipo umachita kukhala pansi n'kuizula yonse. Phyllis anasekera mumtima. Tilapiyayo anali ataizindikira kale: mbale wake wa chambo, ngakhale yokulira m'khola.

Anayamba ndi Marivic. Anazula mingayo m'mawa wonse, n'kuphika bangusi wake ndi viniga, jinja ndi adyo. Mkuluyo anameza pang'ono maso ali kukhoma, ngati mbuzi yomwetsedwa mankhwala. Phyllis sanabise, anauza Rizwana, mwini wake akumva, kuti zowawasa zoterozo si ndiwo zopatsa munthu wamkulu.

Mawa lake Phyllis anakazinga tilapiya ija osadula mutu, n'kuithira tomato, anyezi ndi tsabola pang'ono. Bambo Dawood atanunkhiza anakankhira supuni kumbali n'kuyamba kudya ndi manja. Anamaliza mpunga wonse, mutu wansombawo n'kuuyamwa.

"Chambo ichi," anatero. "Mwachipeza kuti, mayi?"

Phyllis anayang'ana Marivic kuyambira kumutu mpaka kumapazi. Anasangalala, ndipo sanachite manyazi kusangalala.

Koma mkulu uja atasamba m'manja anayamba kuitana a Madiha kuti adzalaweko. Atawasowa anafunsa nsapato, ati akachedwa kutsegula sitolo, ndipo mwina akazi awo atsogola kale. Rizwana anaima pakhomo. Atatopa n'kunyengerera anawauza zoona, kuti amayi anamwalira kalekale ndipo kuno ndi ku England. Bambo Dawood anaimva imfayo ngati yachitika tsiku lomwelo. Analira mokuwa, anamuwomba mwana wawo mbama, ndipo masana onse anakhala akumenya chitseko kuti awatsegulire akaone maliro.

Kutacha Rizwana anaitanira Phyllis kukhitchini, tsaya lidakali lotupa. Rizwanayo anabadwira konkuno, Chichewa chake n'chothyokathyoka, koma tsikulo chinamveka bwino lomwe.

"Anti, nsomba yanu ikuwaapseta Dadi. Akadya za Marivic sakumbuka chilichonse, ndiye ndi bwino choncho."

Phyllis anachonderera. Analonjeza kuti tilapiya sadzaikhudzanso, aphunzira bangusi, viniga aziika wochuluka mmene angafunire. Rizwana anati si nsomba yokha, ndi iye yemwe, kalankhulidwe kake ndi kaphikidwe kake. Anamuuza kuti achoke tsiku lomwelo. Akafuna ntchito kwina amuchitira umboni wabwino, bola potuluka asawalankhule Dadi m'Chichewa, ngakhale liwu limodzi. Popanda umboni wotero palibe banja lingamulembe munthu ntchito yosamalira okalamba, ndipo onse awiri ankadziwa zimenezo.

Marivic anamuthandiza kutsitsa zikwama, ndipo kukoma mtimako kunamupweteka Phyllis kuposa chipongwe. Kenako Marivic anabwerera kukadyetsa mkuluyo bangusi wotsala.

Njira yotulukira inali yodutsa pabalaza. Bambo Dawood anali pampando wawo, phee, msuzi ukutsika pachibwano. Ataona Phyllis nkhope yawo inawala.

"Mayi, mukupita ku Limbe? Nditengeniko."

Rizwana anali chilili pakhomo, akumuyang'ana pakamwa. Phyllis anawauza mkuluyo m'Chingerezi kuti pepani, sakumva zimene akunena.